Zowonjezera za Alamu

"Ndiye ukufuna anthu aziti chiyani? Aziti mwamuna wanga ndi chilombo choti munthu sangayende nacho pamsewu dzuwa likuswa mtengo?"

Amake mapasa anayankhula izi mpeni wa anyezi uli m'manja. Mng'ono wawo, amene aliyense ankangomutcha Chitsiriza chifukwa ndiye anatseka mimba ya mayi awo, anali pasinki akutsuka kapu yomwe inali itayera kale.

"Sindinatero, achemwali. Ndangoti tipitire limodzi kokagula laputopu, inu ndi ine. Kapena tonse atatu."

"Loweruka? Nditseke benchi yanga ya makatani tsiku lomwe anthu amagula, chifukwa choti iwe ukuopa chithunzithunzi chako chomwe? Alamu ako adzipereka okha. Ati akutengera pagalimoto, ati awonjezera pa ndalama ija anatumiza amayi. Mwamuna wina akanatero? Ena mlamu amamuwerengera masupuni a shuga."

"Ya amayi ija ikukwana, achemwali. Aphunzitsi anati tisavutike ndi zokongola. Anati chachikulu ndi memore, kuti pulogalamu yojambulira mapulani isamaime. Ilipo ina yakuda, yonenepa, yooneka ngati njerwa. Imeneyo ndi yomwe ndikufuna."

"Njerwa! Uzikanyamula njerwa kukoleji, anzako azikaseka kuti kapitawo wathunthu wa kampani ya misewu walephera kugulira mlamu wake chinthu chooneka? Iwe mwana, ukudya zathu, ukugona pathu. Kamba amanyerera amene wamutola, ndaona lero."

Chitsiriza anaika kapu ija pambali. Akanati chiyani? Kuti alamu ake akamadutsa m'khonde lopapatiza lija sapatuka? Kuti akamalandira madzi akumwa amagwira zala m'malo mogwira kapu? Zinthu zotere ukazitchula zimamveka zazing'ono, ndipo wozitchula ndi amene amaoneka wa maganizo oipa. Anali atabwera kwa mkulu wakeyu kudzaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo chigawo chino cha maphunziro aphunzitsi anali atanena kuti pensulo yatha ntchito, aliyense abwere ndi laputopu. Mayi awo atamva, anagulitsa makina osokera a malemu bambo, chinthu chokhacho chomwe chinatsala chikununkhira mwamuna wawo.

Chitseko chinatseguka, a Kapitawo n'kulowa akugwedeza makiyi.

"Mkangano wa chiyani m'nyumba mwanga? Mkazi wamkulu ndi mkazi wamng'ono akulimbirana ine?"

Amake mapasa anaseka kuseka kwa pamwamba pa mano. "Mlamu wanuyu akuti akufuna njerwa."

"Asiyeni awa, sadziwa zinthu. Loweruka tikasankha bwinobwino. Kupatsa n'kuika, amake mapasa. Mawa mwanayu akadzalemera adzatikumbukira."

Loweruka linafika. Sitolo ya makompyuta inali yozizira, magalasi mbali zonse, malaputopu atandandalikidwa pa shelefu atayasama ngati ana a mbalame. Wogulitsa, bambo wamimba yake wa taye yofupika, anayang'ana nsapato za a Kapitawo kaye asanayang'ane nkhope yawo.

"Takulandirani, bwana. Tiwafunire chiyani madamu?"

Chitsiriza anadikira kuti alamu ake akonze mawuwo. Iwo anangomwetulira.

"Ndine mlamu wawo," anatero yekha. "Ndikufuna yakuda iyo ili kumapetoyo. Ndi ya sukulu."

"Iyo ndi ngolo, mayi," anatero wogulitsa. "Imakoka katundu, sindikana. Memore yake ndi yaikulu, mapulani ijambula osatsokomola. Koma kulemera! Batire yakenso sichedwa kutha."

"Kukoleji kuli magetsi. Kulemera ndizolowera."

A Kapitawo anali atanyamula kale ina yopyapyala, ya mtundu wa golide wotuwira, akuitembenuza m'manja. "Nanga iyi?"

"Aaa, bwana ali ndi diso! Iyo ndi namwali. Kiyibodi yake imayaka, mumdima mulemba osasaka zilembo. Sikirini mumachita kuikhudza ndi chala ngati foni. Kamera yake imaonetsa munthu mpaka timadontho ta thukuta. Ndipo apa," analoza kabatani kapakona, "simuvutika ndi mawu achinsinsi. Mungoika chala, yatseguka."

"Memore yake ndi yotani?" anafunsa Chitsiriza.

Wogulitsa anakanda pakhosi. "Imabwera ndi yochepa. Ya kulemba, kuonera mafilimu, zimenezo ilibe vuto. Ya mapulani mufunika kuwonjezera. M'kati muli malo opanda kanthu. Timangotsegula pansipa n'kulowetsa kachitsulo kena, kakang'ono ngati chipeso. Ndikhoza kuika pompano."

"Ikani kameneko basi, zinazo ayi," anatero Chitsiriza. "Alamu, chonde. Kapena tingotenga yakuda ija, ndalama ya amayi ikwana, inu musawononge yanu."

"Ukundiletsa kuwononga ndalama yanga?" A Kapitawo anaseka, wogulitsa n'kuwathandiza kuseka. "Tipatseni yagolideyi. Muikemo chikwama chachikopa icho. Mausi yopanda chingwe. Mahedifoni aja ofiira. Chitsimikizo chija chotalika, choti ikawonongeka mudzakonze ulere, chiikeninso, mulembe dzina langa."

"Nanga kachitsulo ka memore, bwana?"

"Kameneko tidzabwerera. Munthu sudya zonse tsiku limodzi." Anatembenukira kwa Chitsiriza, mawu atatsitsa. "Tiona kaye khalidwe."

Envelopu ya ndalama ya amayi inachoka m'chikwama cha Chitsiriza n'kukalowa m'thumba la alamu ake, iwo n'kulipira zonse ndi khadi. Wogulitsa atayatsa laputopuyo anamuuza kuti aike chala pa kabatani kaja kangapo mpaka makina achizolowere. Atamaliza, a Kapitawo anatambasula dzanja.

"Changanso. Mwana akhoza kudzicheka chala ndi mpeni, ndiye zinthu n'kutsekeka."

"Nzeru zimenezo, bwana," anatero wogulitsa.

Kunyumba mapasa anavina mozungulira tebulo. Amake mapasa anaisisita laputopuyo ndi nsonga ya nsalu yawo, maso akuwala.

"Waona? Ukanabwera ndi njerwa yako ija bwenzi tikuti chiyani? Gwada uthokoze alamu ako."

Chitsiriza anagwada. Pansi panali pozizira.

Sabata yoyamba kukoleji anzake anamuunjikira, wina kuigwira, wina kudzijambula nayo. Mtsikana wina anamutsinzinira diso n'kufunsa kuti, "Mwatola kuti mdala wopatsa chonchi, asisi? Ali ndi mng'ono wake?" Onse anaseka. Koma aphunzitsi atawapatsa ntchito yojambula chipatala chaching'ono cha zipinda zingapo, kuseka kunasamukira kwina. Chitsiriza akajambula khoma limodzi, laputopu inkayamba kulira ngati ikupuma movutika. Akawonjezera denga, kachizindikiro kankangozungulira pa sikirini, kuzungulira, kuzungulira, kenako zonse zii. Ntchito ya masana onse inkapita. Anzake a makompyuta akale okhala ndi zigamba anali atafika kale pa mawindo ndi mapaipi.

Aphunzitsi anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Chikomekome cha nkhuyu, mwana wanga. Ndinanena kuti memore. Amene sapereka ntchitoyi mwezi uno ukamatha salemba mayeso. Lamulo si langa."

Madzulo ake, onse ali patebulo, Chitsiriza analimba mtima n'kuyankhula pamaso pa mkulu wake dala.

"Alamu, kachitsulo kaja kakufunika. Ntchito ikukanika."

"Imva mwanayu!" anatero amake mapasa. "Dzulodzuloli waguliridwa chinthu choti ine sindinachigwirepo chibadwire, lero akuti chachepa. Wopatsidwa sanena kuti onjeza."

"Musamukalipire," anatero a Kapitawo mofatsa, akutafuna. "Adzandipempha bwinobwino nthawi yake ikakwana."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kusuntha zokha. Chitsiriza akachoka kosamba ankapeza laputopu ili yofunda, pomwe anaisiya yozima. Tsiku lina chithunzi cha pa sikirini chinasintha: m'malo mwa maluwa panali iye mwini, atawerama akuchapa kuseri kwa nyumba, chojambulidwa iye osadziwa. Anachifufuta nthawi yomweyo. Anayesa kuchotsa chala cha alamu ake m'makinamo, koma anapeza kuti wogulitsa uja anawalemba iwo ngati mwini, iye ngati wobwereka. Anayamba kupita nayo kulikonse, ngakhale kubafa, ataikulunga m'thawulo.

Lachitatu lina makalasi anatha msanga. Mapasa anali kusukulu, amake ali kumsika. Chitsiriza anakhala patebulo la pabalaza akulimbana ndi denga la chipatala chija, ndipo sanamve galimoto ikuima panja. Anangomva fungo la phula ndi mafuta onunkhira kumbuyo kwake.

"Ikuvutabe?"

"Mwaweruka msanga, alamu."

"Kapitawo saweruka, amangochoka." Anatulutsa kapaketi m'thumba la malaya n'kukaika patebulo. M'kati munali kachitsulo kobiriwira, ka mano agolide m'mphepete. "Ndakagula kalekale. Kamangoyenda nane pamtima apa."

Chitsiriza anatambasula dzanja. A Kapitawo anaphimba kapaketiko ndi chikhatho.

"Mlamu, ndiwe wamkulu. Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ndakuveka, ndakudyetsa, ndakugulira chinthu choti mkulu wako sindinamugulirepo. Ukamaliza sukulu, ntchito ku kampani kwathu ndi pakamwa panga pomwe. Ine ndapempha chiyani? Kanthu kochepa. Za m'nyumba zimathera m'nyumba."

"Ndinu bambo anga, alamu. Bambo atamwalira munaima pamanda n'kunena kuti mudzandilera ngati mwana wanu."

"Za pamanda zimatsala pamanda."

Anamugwira pamkono. Chitsiriza anakoka, iwo n'kufinya kwambiri mpaka chibangili cha pulasitiki chinathyoka n'kumucheka. Mpando unagwa. Sanadziwe kuti mphamvu anazitenga kuti, koma anawaluma pa chala chachikulu, iwo n'kukuwa, iye n'kutulukira khomo la kukhitchini opanda nsapato.

Anathamanga mpaka kumsika. Benchi ya mkulu wake inali kumapeto kwa mzere wa nsalu, makatani atapachikika mbali zonse ngati kachipinda. Amake mapasa anali akuyeza nsalu ndi tepi, mapini ali pakamwa. Ataona mapazi a fumbi ndi mkono wa magazi, analavulira mapiniwo m'dzanja, n'kukoka katani kutseka.

Chitsiriza anafotokoza zonse, kuyambira za m'khonde mpaka za kapaketi. Mkulu wake anamvetsera akupinda nsalu imodzimodziyo, kuipinda, kuifunyulula, kuipindanso.

"Wamaliza?"

"Achemwali..."

"Tsitsa mawu, pano ndi pamsika, makatani alibe zitseko. Alamu ako ndi munthu wanthabwala, aliyense amadziwa. Iwe ndiye waona zako."

"Nthabwala zimatulutsa magazi?"

"Ndati tsitsa mawu!" Anang'amba kansalu n'kumumanga pamkono mwamphamvu, osamuyang'ana kumaso. "Ukhala pano mpaka ndiweruke. Tikamva mbali zonse."

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Mapasa anatumizidwa kwa aneba. A Kapitawo anali pa sofa, chala chitakulungidwa bandeji, laputopu ili pamiyendo.

"Mwabwera naye? Chabwino. Amake mapasa, m'nyumba muno tikuweta njoka. Ndinamupeza akulemberana zonyansa ndi anyamata a kukoleji. Nditamudzudzula ngati kholo, wandiluma. Onani."

"Bodza, achemwali! Ndi a m'gulu langa, timafunsana za ntchito!"

"Bodza? Dikirani muwerenge nokha."

A Kapitawo anatsegula chivundikiro n'kuika chala cha mkombaphala pa kabatani kapakona. Sikirini inawala nthawi yomweyo. Anayamba kusakasaka mauthenga, akuyankhula osapuma, koma amake mapasa sankayang'ana mauthengawo. Ankayang'ana chalacho.

"Imakudziwani," anatero motsitsa.

"Chiyani?"

"Makinawa. Akudziwa chala chanu."

"Ndinagula ndine! Ndisadziwike ndi katundu wanga?"

"Foni yanu ine sindinaitsegulepo chikwatirane. Mumati munthu aliyense ali ndi zake." Anawayang'ana kumaso. "Nanga kachitsulo kaja mwanayu wakhala akulirira, kali kuti?"

A Kapitawo anaimirira. Kapaketi kaja kankaonekera m'thumba la malaya, ndipo onse atatu anakaona.

"Ndiye mwayamba kundizenga mlandu m'nyumba mwanga? Lendi ndimalipira ndine. Fizi ya ana ndine. Benchi yanu ija ya makatani anakuyambitsirani ndani? Mverani tsono: mawa ndikamabwera kuntchito ndisamupeze. Apo ayi mupitire limodzi, koma ana anga musawakhudze. Sankhani."

Anatseka laputopu, n'kuipana m'khwapa pamodzi ndi chikwama chachikopa, n'kukalowa kuchipinda. Loko analira.

Kutacha, galimoto itachoka, amake mapasa analowa m'kachipinda ka Chitsiriza atanyamula chikwama chakale chomwe mtsikanayo anabwera nacho. Maso awo anali otupa. Anayamba kupinda zovala za mng'ono wawo okha, chimodzichimodzi, mosamala ngati za mwana wakhanda.

"Achemwali, mayeso atsala pang'ono."

"Ndikudziwa."

"Simukundikhulupirira?"

Anasiya kupinda. Anakhala pa bedi, bulauzi ili m'manja.

"Ndinakukhulupirira usanatsegule pakamwa. Nditangoona mapazi ako kumsika kuja ndinadziwa. Mtsikana wantchito uja anachoka chaka chatha, ndinauza anthu kuti anaba. Sanabe kanthu, Chitsiriza. Ngakhale supuni."

"Ndiye munandikakamiziranji kupita nawo kusitolo? Munandigwaditsiranji?"

"Ndinkati kwa iwe sangayerekeze. Ndinkati magazi anga awaopa. Ndinkafuna ndione ndi maso kuti ndi munthu, kuti akhoza kumuchitira wina chabwino popanda..." Anapukuta mphuno ndi bulauzi ija osazindikira. "Ndinakuika pa msampha kuti ndione ngati ukugwirabe."

"Tiyeni tichoke tonse. Titenge ana."

"Tipite kuti? Kwa amayi, m'nyumba yodontha ija, ndi ana awiri a sukulu yolipira? Awalanda. Ali ndi ndalama, ali ndi anzawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mng'ono wanga. Ine zanga ndinazilandira kale. Iwe ndiye uthawe."

"Nanga makina a bambo? Ndalama ya amayi ili mu laputopu muja."

"Mapepala onse ali m'dzina lawo. Ndinawapempha m'mawa, ndinagwada. Akuti ndi lendi ya miyezi yomwe wakhala pano." Anagwira dzanja la Chitsiriza, lomangidwa lija. "Chinthu chimodzi ndikupempha. Amayi usawauze. Mtima wawo uja sungapirire. Unene kuti koleji yatseka, unene chilichonse."

Anamuperekeza kokwerera basi. Sanakumbatirane, chifukwa panali anthu owadziwa. Basi itayamba kuyenda, Chitsiriza anaona mkulu wake ataima pomwepo, dzanja lili pakamwa, mpaka fumbi linamuphimba.

Anatsika masana pa mphambano ya kwawo n'kuyenda wapansi. Mayi ake anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo atamuona anadzuka mofulumira kuposa mmene miyendo yawo inkalolera.

"Chitsiriza wanga! Osanena bwanji kuti ukubwera? Wabwera nayo? Mkulu wako anandiuza pafoni kuti ndi yagolide, kuti imayaka ngati nyenyezi. Dikira ndisambe m'manja, ndisaidetse."

Anathamangira kuseri, madzi n'kumveka akukhuthuka. Anabwerako akupukuta manja pa nsalu, n'kuwatambasula onse awiri.

"Ili kokonzetsa, amayi. Akuwonjezera zina."

Mayiwo anayang'ana chikwama chakale chija, chodzaza mpaka zipi kukanika. Anayang'ana nsapato zake zina zomangidwa kunja kwake, ndi ndowa yosambira. Munthu wobwera kudzacheza sanyamula ndowa. Kenako maso awo anatsikira pa mkono womangidwa ndi kansalu ka katani. Manja aja anatsika pang'onopang'ono.

"Mkulu wako wamusiya bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Akupereka moni."

"Ndi alamu ako?"

Chitsiriza anaphimba kansalu ka pamkono kaja ndi dzanja linalo.

Mayiwo anakhala pansi pa khonde, pomwe panali nyemba paja, osaona kuti akhalira lichero. Anayang'ana kunjira yomwe mwana wawo anadzera.

"Ndinabereka ana awiri osadziwa kunama," anatero. "Lero mwaphunzira tsiku limodzi, kwa mphunzitsi mmodzi."

Anamukokera pamiyendo pawo ngati kamwana, n'kuyamba kumasula kansalu kaja kuti aone bala. Chitsiriza analira tsopano, kulira komwe anakusunga kuyambira m'sitolo muja. Mayi ake sanamutonthoze. Ankangouzira pabalapo, misozi yawo ikugwera pomwepo.

"Iwe wabwera, ndikukuona," anatero. "Amene ndikumulira ndi uyo watsala."